Kumbuyo kwa a Nangondo

Ku Tidikirebe munthu akaona mzere safunsa. Amayamba waima kaye, mafunso pambuyo. Ukafunsa usanaime, pomwe uzimva yankho anthu akulowerera kale. Anthu a dziko limeneli anaimirapo shuga, anaimirapo mafuta, anaimirapo feteleza, anaimiranso mankhwala amene atafika anapezeka kuti ndi a ng'ombe. Tsiku lina bambo wina anawerama m'mbali mwa msewu kuti amange chingwe cha nsapato. Ataweramuka anapeza kumbuyo kwake kuli azimayi ndi matumba awo, wina atakhazika kale mwala wosungira malo a mlamu wake.

Pali chinanso. Munthu amene ali kutsogolo kwa mzere ukamufunsa kuti kwabwera chiyani, amayankha kuti palibe. Sanena mwachipongwe ayi, akungoteteza zake. Choncho ku Tidikirebe mawu oti "palibe" amatanthauza kuti zilipo koma n'zochepa, fulumira. Zinthu zikasowadi anthu amati "zikubwera", ndipo mawu amenewo ndi a boma.

Dzikoli ndi ufumu. Koma alendo amene amabwera ndi thandizo sakonda mawu oti mfumu, ndiye kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu Mfumu Khalapompo imatchedwa pulezidenti. Chaka chimene ndikunenachi Mfumuyo inalengeza kuti mawondo aikana ndipo siimanso. Anthu anakhulupirira, poti anali atazolowera kuiona ikulankhula chokhala, kuvina chokhala, ngakhale kuyendera minda chokhala. Inalamula kuti chipani chake chisankhe wina woti adzaime pachisankho chachikulu.

Chipanicho dzina lake ndi Chipani cha Mbale. Alendo amafunsa ngati ndi mbale yodyera kapena m'bale wobadwa naye. Yankho ndi lakuti zonse ziwiri. Zipani zina ziliko, koma chilichonse mamembala ake ndi mtsogoleri ndi mkazi wake, ndiye aliyense amadziwa kuti wopambana m'kati mwa Mbale watenga dziko lonse. N'chifukwa chake nkhondo yeniyeni imakhala pachisankho cha chipulula. Amati chipulula chifukwa chimapulula. Munthu amalowa ali ndi masamba, amatuluka ali kamtengo.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Opikisana amaimikidwa pabwalo, nkhope kuyang'ana kunsanja ya Mfumu, maso atamangidwa nsalu. Nthumwi zimaima kumbuyo kwa munthu amene zikumufuna. Amene kumbuyo kwake kuli anthu ambiri wapambana, ndipo amene watembenuka asanamalize kuwerenga wagwa pomwepo. Akuti nsaluyo anaiika kuti wopikisana asaone amene wamuthawa. Nzeru yabwino. Koma mzinda wonse umakhala ukuonerera, ndipo mzinda sumangidwa nsalu pakamwa.

Opikisana anali awiri. Woyamba a Mkhutakale, Nduna ya Nkhokwe kuyambira ali ndi khosi. Uthenga wawo unali umodzi paliponse: "Ine ndinadya kale, ioneni mimbayi. Mukasankha wanjala ayambira pachiyambi." Wachiwiri a Sindinalawe, munthu woonda wa magalasi, amene anakhala zaka zambiri pakhonde la nyumba yachifumu akumva kafungo chabe. Iwo ankati: "Kodi dziko lino ndi la mano a munthu mmodzi?" Za milatho, za chipatala, za sukulu zimene ana amakhala pamiyala, palibe anatchulapo, ndipo pamenepa ndikuti palibe weniweni.

Anthu ophunzira a pawailesi ankati awiriwa akusiyana pamfundo. Ine mfundozo ndinazifunafuna osaziona. Kusiyana ndinakuona palamba: wina amamanga pabowo loyamba, wina pabowo lomaliza, ndipo wa bowo lomalizayo cholinga chake chonse n'chakuti afike paloyamba.

Koma mpikisano unali wothina, izi zokha n'zoona. A Mkhutakale akagawa nsalu m'mawa, a Sindinalawe amagawa masana. Pansalu ya a Mkhutakale pamakwana nkhope imodzi yokha, pansalu ya a Sindinalawe nkhope zimakwana zingapo, malo n'kutsalako. Azimayi ankavala zonse ziwiri, ina pamwamba ina pansi, n'kumasintha malinga ndi galimoto imene ikudutsa. Akatswiri ofufuza maganizo a anthu anayenda dziko lonse n'kubwera ndi lipoti lakuti awiriwa akulekana ndi munthu mmodzi, koma munthuyo akudwala m'mimba ndipo sizikudziwika ngati adzafike.

Anthu ena kuthina kumeneku kunkawasangalatsa ngati mpira. A Nangondo sikunawasangalatse.

A Nangondo ndi mayi wogulitsa matimati mumsika waukulu wa mzinda wa Mawamawa, ndipo anali mmodzi mwa nthumwi za amayi a mumsikamo. Msika umenewu uli ndi mbali ziwiri. Pali shedi, ya malata ndi mabenchi a simenti. Ndiye pali kumunsi, pafupi ndi chimbudzi, kumene madzi ake amayenda pang'onopang'ono ngati akufuna aliyense awaone. Kumeneko anthu anakutcha ku Mphepoyabwino. Mwambo wa msika ndi wakuti chipulula chikatha, amene anaima kumbuyo kwa wolephera amasamukira ku Mphepoyabwino. Lamuloli silinalembedwe paliponse, n'chifukwa chake silinaphwanyidwepo.

A Nangondo anakhalako. Pachipulula cha phungu wa mzinda anaima kumbuyo kwa munthu amene anawalonjeza ambulera, munthuyo anagwa, iwo n'kukakhala ku Mphepoyabwino zaka zisanu. Ntchentche za kumeneko zinawadziwa dzina. Wogula ankasankha matimati ndi dzanja limodzi, linalo litagwira mphuno. Anabwerera m'shedi pokhapokha mayi wina wa kabichi atamwalira, ndipo pamaliro ake analira kwambiri kuti anthu asaone kuti benchi aiyeza kale ndi maso.

Kutatsala tsiku limodzi, amake Jolamu, amene ankayala anyezi pansi kumapeto kwa shedi, theka pamthunzi theka padzuwa, anasendera pafupi.

"A Nangondo, mawa muima kuti?"

"Kumbuyo."

"Kumbuyo kwa ndani?"

"Kwa wopambana."

"Ameneyo ndiye ndani?"

"Mukamudziwa mundiuze, amake Jolamu. Ndikupatsani matimati ofewa awa."

Amake Jolamu anasisita benchi ya a Nangondo ngati akusisita mwana wa mnzawo. "Musade nkhawa, anzanga. Zikavuta, benchiyi ndikusungirani bwino. Ndiziikolopa m'mawa uliwonse."

"Manja anuwo akolope kaye Jolamu, akuyenda ndi mamina."

Tsiku lomwelo opikisana onse anadutsa mumsika. A Mkhutakale anabwera m'mawa, anafinya matimati a a Nangondo mpaka limodzi kuphulika, n'kufunsa kuti, "Mayi, tili limodzi?"

"Ndili kumbuyo kwanu, bwana."

A Sindinalawe anabwera dzuwa litapendeka, ananunkhiza matimati omwewo n'kumeza malovu. "Amayi anga, mawa musandichititse manyazi."

"Ndili kumbuyo kwanu, bwana."

Sanamunamize aliyense. Onse awiri pochoka anawafulatira, ndipo a Nangondo analidi kumbuyo kwawo.

Nzeru imene anagona nayo inali iyi: mawa adikira pambali mpaka mizere itaoneka bwino, kenaka alowa kumchira kwa wautaliwo. Anaona kuti ndi nzeru yapamwamba. Sanadziwe kuti nthumwi iliyonse mu Tidikirebe inagona ndi nzeru yomweyo.

Chisankho chinachitikira pa Bwalo la Fumbi. Mbali imodzi ya bwaloli kuli nsanja ya Mfumu, mbali ina kuli khoma la depoti ya boma, imene kale inkagulitsa shuga pa kawindo kakang'ono ka galasi. Kawindoko kanatsekedwa ana amene pano ali ndi ndevu asanabadwe.

Mfumu Khalapompo inafika itanyamulidwa ndi mpando womwe, munthu wa ambulera akuthamanga pambali. Woyendetsa chisankho anali bambo Pafupifupi, Mkulu Wowerenga wa Ufumu, amene anapatsidwa udindowo chifukwa chiwerengere sanatulutsepo nambala yokhumudwitsa munthu wamkulu. Anawamanga nsalu opikisana aja, n'kuimba wezulo.

Palibe anasuntha.

Nthumwi zonse zinaima pakati, iliyonse ikuyang'ana mapazi a inzake. Wina ankakonza chipewa, wina ankafufuza chinthu m'thumba lopanda kanthu. A Mkhutakale ankamwetulira kunsanja, a Sindinalawe ankamwetulira kunsanja, kumbuyo kwawo kuli fumbi lokha. Bambo Pafupifupi anaimbanso wezulo, kenaka anatuma anyamata a chipani ndi zikwapu kuti akathandize anthu kuganiza. Pamenepo mizere inayamba.

Koma inayamba moipa. Kuno akalowa atatu, uko alowa atatu. Mzere wa a Mkhutakale ukatalikako pang'ono, anthu a kwa a Sindinalawe amathamangirako, kenaka wina amazindikira kuti si kutalika ayi, anthu a kumeneko ndi onenepa chabe, onse n'kubwereranso. Fumbi linakwera. Dzuwa linafika paliwombo. Pakati panatsala anthu ochepa, ndipo a Nangondo anali mmodzi wa iwo, dengu lawo lopanda kanthu lili m'khwapa.

Mnyamata wa chikwapu anawayandikira. "Amayi, kuno si kokaonera. Sankhani."

"Mwala walowa m'nsapato, mwanawe. Ndiuchotse kaye."

Anatsimphina mpaka kukhoma la depoti, kumene kunali kamthunzi. Atafika anaona kuti galasi la kawindo kaja, ngakhale linali ndi fumbi, likuonetsa bwalo lonse ngati kalilole. Anasangalala. Pamenepo akanatha kuyeza mizere yonse iwiri atafulatira, popanda wowanena kuti akuzonda. Anapukuta galasilo ndi nsonga ya nsalu, anaika dengu patsogolo, n'kusuzumira mwachidwi.

Tsopano taganizani mayi wa ku Tidikirebe ataima pawindo la depoti, dengu lili patsogolo, akusuzumira m'kati.

Amake Jolamu anali kumchira kwa mzere wa a Mkhutakale, koma maso awo chiyambire m'mawa anali pa a Nangondo, chifukwa pamene a Nangondo aime ndi pamene benchi idziwikire mwini wake. Ataona zimenezo anachoka pamzere ngati akupita kukataya madzi.

"A Nangondo, kwabwera chiyani?"

"Palibe."

Amake Jolamu anatola mwala, anauika pansi kusungira mng'ono wawo, n'kuima kumbuyo.

"Ndati palibe, amake Jolamu. Bwererani."

"Ndamva, anzanga. Ine ndangoima."

"Mwaimira chiyani?"

"Chomwe mwaimira inucho."

A tcheya a msika, bambo amene maso ake saphonya chinthu cholowa mumzinda, anafika akupuma mofulumira. "Amayi inu, kwabwera chiyani?"

"Akuti palibe," anayankha amake Jolamu motsitsa mawu.

"Wanena yekha?"

"Kawiri."

A tcheya anaima pachitatu, n'kukodola mkazi wawo.

Anthu atatu pamzere ku Tidikirebe ndi chilengezo cha boma. Mizere ya opikisana ija inayamba kupululuka kuchokera kumchira, mwakachetechete, munthu mmodzimmodzi, aliyense akuyenda ngati sakupita kulikonse. Pofika munthu wa pakati nkhani inali yakuti kwabwera shuga. Kumbuyoko inali mafuta ophikira. A Nangondo anaona pagalasi zimene zikuchitika. Mizere imene ankafuna kuyeza inali kutha akuona. Anatembenuka n'kukweza manja.

"Anthu inu, muno mulibe kanthu. Palibe chilichonse. Ndikulumbira pali malemu amuna anga."

Kenaka mdala wina anati, "Walumbira. Ndiye kuti ndi feteleza."

Pamenepo ulemu unatha, anthu anathamanga. Anyamata a zikwapu anapita kukakonza mzere n'kukonzeratu malo awo. Apolisi anapita kukaletsa chipwirikiti, ndipo anakachiletsera kutsogolo. Oimba ng'oma anasiya ng'oma. Mkazi wa a Mkhutakale, amene amadziwa bwino kuti m'nkhokwe za boma mulibe kanthu poti zonse zili kunyumba kwake, anapirira kanthawi, kenaka anati mwina bambo anaiwalako thumba limodzi, nayenso ananyamuka. Mkazi wa a Sindinalawe anali atapita kalekale.

Kunsanja, Mfumu inakodola wa ambulera. "Uko kwabwera chiyani?"

"Akuti palibe, Wamuyaya."

Mfumu inaganiza pang'ono. "Siya ambulerayo. Kandisungire malo."

Nthawi yonseyi opikisana aja anali chiimire, maso omanga, akumwetulira. Ankamva mapazi ambirimbiri akuthamanga kumbuyo kwawo, ndipo aliyense ankadziwa mumtima mwake kuti amenewo ndi anthu a mnzakeyo akuthawira kwa iye. A Mkhutakale anayamba kugwedeza mapewa. A Sindinalawe ananong'oneza kuti, "Achimwene, musadandaule, ndidzakupatsani ukazembe kudziko lozizira."

"Iwe ndidzakupatsa unduna wa zanyengo," anayankha a Mkhutakale. "Uzikalawa mvula."

Nthawi itakwana bambo Pafupifupi anaimba wezulo yomaliza. Anachita kuchokera kudepoti, kumene anasiya chipewa chawo pamzere. Anayenda kumbuyo kwa a Mkhutakale, anayenda kumbuyo kwa a Sindinalawe, anayang'ana mzere wa kudepoti umene unazungulira bwalo n'kutulukira pachipata mpaka kumsewu. Anayang'ananso kunsanja kuti aone nambala imene ikufunika, koma Mfumu maso ake anali pa kawindo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo bambo Pafupifupi analibe wowauza yankho, ndiye ananena zimene anaona.

"A Mkhutakale, mmodzi. A Sindinalawe, mmodzi. Mayi awo a dengu, pafupifupi onse."

Atamasulidwa nsalu, a Mkhutakale anacheuka n'kupeza kuti mmodzi wawoyo ndi mlamu wa a Sindinalawe, amene anatumidwa kudzazonda. A Sindinalawe anapeza kuti wawoyo ndi mphwake wa a Mkhutakale, wa ntchito yomweyo. Azondi okha ndi amene anakhulupirika tsiku limenelo.

Anthu anakana kubalalika mpaka depoti itatsegulidwa. Kiyi anasowa, anathyola chitseko. M'katimo munali mileme, sikelo yothyoka, ndi chithunzi cha Mfumu ili mnyamata. Anthu anayang'ana, anayang'anana, n'kugwirizana chimodzi: katundu anamutulutsira kukhomo la kuseri pamene mayi uja amatichedwetsa.

M'mawa mwake a Nangondo anaitanidwa kubwalo la nduna. Anawakhazika pansi pakati pa chipinda, nduna zitazungulira m'mipando yofewa, ndipo nduna iliyonse inkaonetsetsa kuti mpando wake usakhale kumbuyo kwawo.

Anayamba ndi a Mkhutakale. "Mayi, anakutumani ndani?"

"Palibe, bwana."

Nduna zonse zinapumira m'mwamba. Ina inati, "Ndiye kuti alipo, koma ndi ochepa."

"Mwina ndi alendo a thandizo aja," anatero a Sindinalawe. "Mayi, mukufuna chiyani kwenikweni?"

"Benchi yanga, bwana. Ya m'shedi. Yachitatu kuchokera kwa ogulitsa mazira."

"Onse amayamba choncho," anatero a Mkhutakale. "Ine ndinayamba ndi kufuna njinga."

Anakangana mpaka masana. Nduna ya Malamulo inati mayiyu sanalembetse, Nduna ya Miyambo inati lamulo silinena za kulembetsa, limangonena za kumbuyo. Nduna ya Maphunziro inapempha kuti pakhale komiti yofufuza kuti kumbuyo kwa munthu kumayambira pati ndipo kumathera pati, ndipo komitiyo ikaphunzire kunja. A Nangondo miyendo inachita dzanzi. Ankangoganiza za matimati amene anawasiya ndi amake Jolamu.

Potsiriza a Sindinalawe anakumbukira. "Anatembenuka. Tonse tamva kuti anatembenuka n'kukweza manja asanamalize kuwerenga."

"Mwana wa mayi anga," anatero a Mkhutakale, misozi ili m'maso. Anthu awiri aja, amene miyezi yonseyi ankatchulana mfiti ndi fisi, anakumbatirana mpaka pamene mimba inalolera.

Bambo Pafupifupi analengeza kuti popeza wopambana anatembenuka, wagwa, ndipo popeza otsalawo afanana, chisankho chatha chopanda mwini. Pamenepo panachitika chozizwitsa. Mfumu Khalapompo inagwira mikono ya mpando, n'kuimirira. Nduna zachinyamata zinali zisanaionepo kutalika kwake.

"Ana anga," inatero, "dzulo ndinaona ndi maso anga kuti anthu a dziko lino sanakhwime. Sadziwa kumbuyo koyenera kuimako. Mtima wandipweteka, ndipo ululu wa mumtimawo wachotsa wa m'mawondo. Ndiimanso."

Nduna zinaomba m'manja. A Mkhutakale anatsala ku Nkhokwe. A Sindinalawe anapatsidwa uchiwiri wa komweko, ndipo pomwe mwezi umatha lamba wawo anali atasuntha bowo limodzi. Mfundo zawo zija zinagwirizana.

Koma Mfumu sinaiwale mzere umene unatulukira pachipata. Inali isanakhalepo ndi mzere wotero popanda malole otuta anthu. Choncho madzulo a tsiku la bwalo lija wailesi inalengeza lamulo latsopano: kuyambira lero munthu aliyense asapezeke kumbuyo kwa mayi Nangondo, kaya mumsika, kaya m'tchalitchi, kaya pamaliro. Wopezeka kumbuyo kwawo adzaimbidwa mlandu woukira boma, pamodzi ndi wapolisi wa dera limenelo.

Kumsika mwambo unatsatidwa. A Nangondo anapikisana n'kugwa, ndiye malo awo ndi ku Mphepoyabwino. A tcheya anawauza maso ali kumbali. Amake Jolamu anali atakolopa kale benchi, anyezi atawaunjika bwinobwino.

"Muzibwera kudzacheza, anzanga. Koma muzidzera kumpopi."

A Nangondo anasenza dengu. Anayala chiguduli pamalo awo akale, anakhala pansi atafulatira chimbudzi monga amachitira aliyense wa kumeneko. Ntchentche zinabwera kudzawalonjera.

Dzuwa litakwera pang'ono, anthu amene anadya chiwaya cha dzulo anayamba kufika. Chimbudzi cha msika wa Mawamawa chili ndi chitseko chimodzi. Mzere unayambira pachitsekopo, n'kutsetsereka ndithu kumbuyo kwa a Nangondo.

Wapolisi wa msika atauona anataya chimanga chimene ankakukuta. Anafika akuthamanga, chipewa chili m'manja.

"Balalikani nonse. Mukufuna kundiphetsa? Mayi, awa ndi otsatira anu?"

"Afunseni, bwana."

"Ife ndi a m'mimba, bwana," anatero bambo wina akupondaponda.

"Kam'mimbireni kwina."

"Kwina kuti? Mukatichedwetsa, bwana, mlandu wake muuona pompano."

Wapolisi anawatembenuza a Nangondo kuti ayang'ane kuchimbudzi. Atayang'ana bwino anaona kuti tsopano kumbuyo kwawo kuli msika wonse, anthu osawerengeka, ndi a tcheya omwe. Anawatembenuzira kum'mawa, kumbuyo kwawo kunali pokwerera minibasi. Anawatembenuzira kumadzulo, kumbuyo kwawo kunali msewu wopita kunyumba yachifumu, ndipo nthawi yomweyo galimoto ya nduna inkadutsa. Wapolisi anakhala pansi pamadzi aja osawaona.

Anaitana a tcheya. Anayenda nawo a Nangondo msika wonse, iwo cham'mbali ngati nkhanu, kufunafuna malo amene munthu sangadutse kumbuyo. Pakati pa shedi panali njira. Pabenchi yawo yakale panali ogulitsa mazira kumbuyo. Malo anapezeka amodzi okha mumsika wonse: pakona ya shedi, pamene makoma awiri a njerwa amakumana, pamthunzi tsiku lonse, pafupi ndi chipata cholowera anthu a magalimoto. Pamenepo pankakhala mkazi wa a tcheya.

"Apa ndiye ayi," anatero a tcheya.

"Chabwino," anatero wapolisi. "Ndikanena kuti a tcheya akufuna anthu aziima kumbuyo kwa mayiwa. Ndamvanso kuti tsiku lija munali wachitatu."

Mkazi wa a tcheya anasamuka tsiku lomwelo. Koma mkazi wa tcheya sangayale pansi, ndiye panafunika benchi, komanso panafunika munthu wolipira zonsezi, chifukwa chipulula sichitha popanda wopululidwa. A tcheya anaitanitsa msonkhano wa msika n'kupereka chigamulo chimene mpaka lero ndimati ndicho chanzeru chokha chimene chinatuluka m'chisankho chonsecho. Anati munthu mmodzi ataima pawindo si mzere, ndi munthu woima chabe. Mzere amauyambitsa ndi wachiwiri.

Onse anayang'ana amake Jolamu.

Benchi yokolopa bwino ija inapita kwa mkazi wa a tcheya. Anyezi anatsikira ku Mphepoyabwino.

Pano a Nangondo amakhala pakona, msana utatsamira njerwa. Kutchalitchi amakhala kumbuyo kwenikweni, kumene ankafuna kukhala kuyambira kale kuti azituluka chopereka chachiwiri chisanayambe. Shuga akabweradi m'sitolo, mwini sitolo akangowaona akubwera amatuluka yekha ndi paketi kukakumana nawo panja, kuopa kuti angaime pakhomo pake wina n'kuwaima kumbuyo. Anthu atatu okha mu Tidikirebe saima pamzere: Mfumu, a Mkhutakale, ndi mayi wa matimati. Ena amati chisankho chija chinawonongeka. Ine ndimati chinayenda monga zimayendera zonse, kungoti ulendo uno amene anadya ndi munthu amene sanalonjeze kanthu.

Tsiku lina amake Jolamu anakwera kuchokera kumunsi, anadzera kumpopi, n'kudzaima kutsogolo kwa benchi ya pakona. Anasankha matimati awiri, anawabweza, anasankhanso.

"A Nangondo, ndife anthu amodzi. Zinapita zija, ine sindinasunge kanthu kukhosi. Tangondiuzani ine ndekha. Tsiku lija pawindo paja, munaona chiyani?"

A Nangondo anathamangitsa ntchentche imodzi imene inabwera ndi mlendoyo.

"Palibe."

Amake Jolamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuyang'ana dengu limene linali pansi pa benchi.

"Ndinadziwa," anatero. "Akatsalako mundikumbukire."